Mabwalo a mpira ku London: munthu angaone angati pa masiku awiri?

Chisomo: Akuluakulu, mlendo wokhala ndi masiku awiri okha ku London angakwanitse kuona mabwalo angati? Nanga amaloledwa kulowa tsiku lopanda masewero?

Bambo Phiri: Awiri pa tsiku, osapitirira, chifukwa mabwalowa ndi otalikirana. Yambani ndi Wembley. Kwerani sitima yapansi panthaka, Jubilee kapena Metropolitan, mutsike pa Wembley Park. Mukangotuluka muona chitsulo chopindika chotalika mamita 133 pamwamba pa bwalo. Linatsegulidwa mu 2007, limalowa anthu 90,000. Amakuyendetsani m'zipinda zovalira osewera, munjira yotulukira pabwalo, mpaka pamalo olandirira zikho. Tikiti gulani pa intaneti pasadakhale ndipo onani tsiku bwino: kukakhala masewero kapena oimba, maulendo oonawa amaimitsidwa, ambiri amangobwerera pageti.

Mayi Tembo: Kuwonjezera pa a Phiri, Emirates ya Arsenal njosavuta: kwerani sitima ya Piccadilly, mutsike pa siteshoni ya Arsenal. Kumeneko mumayenda nokha mukumvetsera zofotokozera m'makutu, palibe wokuthamangitsani. Mukamapita ku Stamford Bridge, bwalo la Chelsea, mutsike pa Fulham Broadway.

Kondwani: Ine ndinene kuti la Tottenham musalisiye. Linatsegulidwa mu 2019, ndipo udzu wake umagawika patatu n'kukankhidwira pansi pa mipando, kusiya bwalo lina la mpira wa ku America wa ligi ya NFL. Amalolanso kukwera padenga mutamangidwa chingwe. Tengani khadi la kubanki, ndalama zapamanja salandira, komanso chikwama chachikulu musiye kogona.