Monita yanga ikumada mwadzidzidzi, ndithandizeni abale

Wosatchula dzina: Abale anga a pagulu pano, mutu waima. Ndili ndi kashopu pa Mangochi boma kufupi ndi msika, ndimataipa makalata ndi ma CV, kusindikiza zithunzi ndi kuika nyimbo m'mafoni. Monita yanga yayamba kumada bii kwa masekondi awiri kapena atatu, kenako n'kuyakanso yokha. Tsiku lina kamodzi, tsiku lina kakhumi. Dzulo ndimalembera kalata mayi ena amene analawirira kuchokera ku Namwera, inada katatu iwo akuona, mpaka anagwira pakamwa n'kufunsa ngati kalata yawo yafufutika. Manyazi ake! Kompyutayi ndinagula kwa munthu wina ku Limbe, ankati ndi ya ku Joni, pano foni yanga sayankha. Mlamu wanga anaibwereka pa chinkhoswe mwezi watha, anabweza mausi itathyoka, ngakhale pepani osanena. Eni nyumba akufuna lendi pa 30. Mayi a kunyumba akuti ndigulitse tiyambe geni ya usipa. Kodi yatha ntchito basi?

Che IT: Vayirasi imeneyo, musavutike n'kuganiza. Mumalowetsa ma flash ndi ma memory card a munthu aliyense wodutsa pamsewu, mumati zitha bwanji? Fomatani, ndiye kuti fufutani zonse za m'kompyutamo, muike Windows yatsopano. Ine makompyuta ndinayamba kugwira nthawi ya Windows XP.

Nachisale: Mlamu wotere musadzamubwerekenso. Wanga anatenga sipika ya ku kwaya, chaka chatha tsopano, tikakumana amangoyang'ana kumbali.

Mwana wa ku Makawa: Achimwene, mwanena zambiri koma chenicheni mwasiya. Ikada, kagetsi kakang'ono ka m'munsi mwa monita kamatani? Kamazimiratu, kamasintha mtundu, kapena kamangoyakabe? Nanga chingwe ndi cha VGA, chija cha mutu wabuluu chokhala ndi tomangira tiwiri, kapena HDMI? Kagetsi kakazima ndiye kuti moto ukudukiza. Kakasintha mtundu, kapena pakalembedwa No Signal, kayang'aneni chingwe ndi pomwe chalowa kumbuyo kwa kompyuta.

Che IT: Za tigetsi izi n'zongotayitsa munthu nthawi. FOMATANI.

Bambo a Shukurani: Kutentha kwa kuno mukukuiwala. Yanga inayamba choncho mu Okutobala, ndinanyozera, mapeto ake inangoti zii. Fundi atatsegula tinapeza ma capacitor awiri, tizipangizo tosunga moto, atatupa pamwamba ngati mandasi, fumbi lili tho. Anasintha, inagwira miyezi ingapo, kenako mwana anaigwetsa pothamangitsa mphaka. Mpaka lero sindinagule ina. Koma musatsegule nokha, mkatimo mumatsalira moto ngakhale mutazula pakhoma.

Mjomba wa pa Mpondasi: Pamsika pali nsanje, mjomba. Mwaonetsetsa kuti woyandikana naye shopu sakuiponyera diso monitayo? Kkkkk

Nachisale: Mnzanu akulira ndi lendi inu mukuseka. Kulani.

Aphunzitsi a ku Malindi: Ikada, walitsani tochi ya foni pafupi ndi galasi. Mukaona zolemba zikuonekera mwachizimezime, ndiye kuti nyali za mkati mwa monita ndizo zikuzima, kompyuta ilibe mlandu. Komanso bwerekani monita ina kapena TV, mulumikize tsiku limodzi. Ikadanso, vuto si monita yanu.

Che IT: Aphunzitsi, masekondi awiri munthu apeze tochi nthawi yanji? Za choko zisiyeni ku kalasi. Ine ndakonza makompyuta kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Liwonde, palibe imene inabwerera.

Aphunzitsi a ku Malindi: Bambo, kufuula si kudziwa. Vayirasi yake iti yozimitsa sikirini masekondi awiri n'kuyatsanso? Mukanati driver ya graphics, pulogalamu yoyendetsa zithunzi pa sikirini, ndikanamva, chifukwa imeneyo ikakakamira Windows imaidzutsanso, sikirini n'kuphethira. Koma nayonso safomatira, amangoikamo ina.

Che IT: Nanga akafomata driver siilowa yatsopano? Mwabwera kwanga komweko. FOMATANI achimwene, musamvere anthu a pa YouTube.

Wosatchula dzina: Zikomo nonse. Anachisale mwanena zoona, mlamuyo ndi wa kuchikazi ndiye ndikayankhula ikhala nkhani ya ankhoswe. Wa ku Limbe uja ndamuimbiranso, foni yazimitsidwa. Lero yada kasanu, kwambiri masana. Chingwe sindinayang'ane chifukwa kumbuyo kwa tebulo n'kothina, kuli filiji imene mayi amaumitsira mafilizesi. Soketi m'shopumu ndi imodzi, eni nyumba ndinawauza kalekale aikemo ina, amangoti mawa.

Mwana wa ku Makawa: Imani kaye! Filiji, printa ndi kompyuta zonse zili pa ekisitenshoni imodzi? Bwanji simunanene poyamba? Injini ya filiji ikamalira kuti iyambe imakoka moto wambiri nthawi imodzi, mphamvu n'kutsika pang'ono, monita n'kuphethira. Masana kukatentha imadzuka pafupipafupi, n'chifukwa chake masanawo zanyanya. Printa ya laser nayo imatero ikamatenthetsa. Mawa tcherani khutu, ikada mumve ngati filiji yangoyamba kulira. Kapena izuleni kwa ola limodzi muone. Gwiraninso pulagi, ngati ikutentha kapena yada m'mano sinthani ekisitenshoniyo lero lomwe, zimenezi zimayatsa shopu.

Bambo a Shukurani: Mafilizesi akasungunuka mayiwo mukawayankhe ndinu a ku Makawa.

Che IT: Filiji ndi kompyuta zikugwirizana pati? Kwanga zili pamodzi zaka zonsezi. Bwerani nayo kuno, tsiku limodzi yatheka.

Wosatchula dzina: Che IT, kufomatako ndi ndalama zingati? Nanga zithunzi za makasitomala zili m'menemo sizifufutika?

Mwana wa ku Makawa: Zifufutika mukapanda kukopera pena. Achimwene chonde, yambani mwazula filijiyo, ola limodzi lokha, mutiuze.