Ndithandizeni abale, mlamu wanga akuti vesi yanga sinalembedwere ine

Wofunsa (dzina labisidwa):
Moni abale ndi alongo. Pepani ndilemba motalika, mtima suli m'malo. Loweruka lino ndikutsogolera phunziro la Baibulo la achinyamata, ndipo ndasankha vesi imene yandigwira dzanja zaka zitatu zomwe ndakhala pa ulova. Ndinachita kuimata pakhoma kuchipinda. Dzulo ndamuonetsa mlamu wanga zomwe ndakonza, iye n'kuseka, ati vesi imeneyo sinalembedwere iwe, mutu wonsewo unawerenga? Munthuyu anangokhala chaka chimodzi kusukulu ya ubusa n'kusiya, koma amalankhula ngati ankayenda ndi Paulo. Ndi yemweyu anabwereka Baibulo langa la ndemanga m'munsi chaka chatha, mpaka lero zii. Mayi akunyumba akuti ndingomusiya poti ndi mchimwene wawo, nanga ine ndilibe mtima? Komanso akulu a mpingo andiuza Lachitatu, pomwe anzanga amauzidwa kutatsala masabata awiri. Ndiye ndisinthe vesi kapena ndipitirire?

Mayi a Tadala:
Vesi yake iti achimwene?

Mlonda wa pa Linga:
ACHIMWENE MUSABWERERE M'MBUYO!!! Mlamu wanuyo wadzaza mutu, mtima uli gwa. Petro anapita kusukulu iti? LEMBA LIMAPHA KOMA MZIMU AMAPATSA MOYO, 2 Akorinto 3:6. Vesi iliyonse ndi yanu, itengeni!

Aphunzitsi Opuma:
A Mlonda, tatsikani pang'ono pa vesi 7 pomwepo. Lemba limene Paulo akunena ndi lija lolembedwa pa miyala, lamulo la Mose, ndipo akulifanizira ndi pangano latsopano. Sakuletsa munthu kuwerenga mosamala. Mwachita chomwecho chimene mlamu uja akudandaula.

Mlonda wa pa Linga:
Afarisi afika. Tinkakudikirani.

Chemwali Esnala:
Inetu za kudula mavesi zinandiliza. Ndinali msungichuma wa amayi pampingo wina, nditafunsa kuti ndalama za denga zapita kuti, abusa anaima kutsogolo n'kuwerenga Masalimo 105:15, musakhudze odzozedwa anga. Mpingo wonse maso pa ine. Patapita zaka ndinawerenga salimo lonse, n'kupeza kuti likunena za Abrahamu, Isaki ndi Yakobo pamene anali ochepa, akuyendayenda m'mayiko a eni, Mulungu akuchenjeza mafumu kuti asawachite choipa. Za msungichuma wofunsa malisiti mulibemo. Dengalo likudonthabe, ndamva.

Kadzidzi Wamasana:
Ine ndinaonapo pa sitetasi ya munthu: "ukandigwadira, zonsezi zidzakhala zako, Luka 4:7", anthu n'kumalemba Amen m'munsi. Akulankhula pamenepo ndi Satana 😂😂

Bambo Yona:
Nkhani apa ndi ya Baibulo lobwerekedwalo. Buku sabwereketsa kwa mlamu. Langa linapita chimodzimodzi, ndinakalipeza litalembedwa dzina la mwana wake.

Aphunzitsi Opuma:
Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti olemba Baibulo sanaike manambalawa. Mitu imene tili nayo inakonzedwa ndi Stephen Langton chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200, ndipo mavesi a Chipangano Chatsopano anawaika Robert Estienne mu 1551. Akhristu a ku Filipi ankamva kalata yonse ikuwerengedwa, palibe ankaloweza payokha Afilipi 4:13, ija yoti ndikhoza zonse mwa Iye wondipatsa mphamvu. Ndipo Paulo analemba zimenezo ali m'ndende, akunena kuti anaphunzira kukhuta ndi kumva njala komwe. Wofunsa, musanaphunzitse, dzifunseni kuti akulankhula ndani, akuuza yani, kunachitika chiyani, nanga ndi kalata, ndakatulo kapena mbiri. Mwambi suwerengedwa ngati lamulo. Miyambo 26:4 akuti usayankhe chitsiru, vesi 5 akuti chiyankhe.

Mlonda wa pa Linga:
Ndiye mukuti Baibulo limadzitsutsa?? ADIMINI CHOTSANI MUNTHU UYU. Anthu ngati inu ndi amene mudzalandire 666 mukuti ndi mbiri chabe.

Mnyamata wa Chigiriki:
Poti mwatchula 666, nambala ya chilombo ya m'buku la Chivumbulutso, mukudziwa kuti zolembedwa zina zakale za bukuli zimati 616? Dzina la Nero Kaisara, mfumu ya Roma, likalembedwa m'zilembo za Chiheberi limakwana 666, likatsata katchulidwe ka Chilatini limakwana 616. N'chifukwa chake akatswiri ambiri amaloza kwa iyeyo.

Mlonda wa pa Linga:
Nero anafa, chilombo CHIKUBWERA. Iwe mwana usandiphunzitse, ndinayamba kulalikira usanabadwe.

Mayi a Tadala:
Abale, ndafunsa kalekale. VESI YAKE ITI?

Gogo Nachisale:
Mwanawe, iwe ukudandaula kuuzidwa Lachitatu? Ife tinkauzidwa tili pakhomo la tchalitchi. Koma mlamu wakoyo usadane naye, mwina akukuteteza kuti ana asakakufunse funso n'kusowa pogwira.

Wofunsa (dzina labisidwa):
Pepani, data inatha. Ndi Yeremiya 29:11, ija yoti ndikudziwa malingaliro amene ndili nawo pa inu, a mtendere osati a choipa. A Yona mwanena zoona, ngakhale kapu yanga ya tiyi anaiswa ndi yemweyu.

Aphunzitsi Opuma:
Mukanatchula poyamba bwenzi titamaliza. Mlamu wanu walondola theka. Imeneyo ndi kalata imene Yeremiya anatumiza kuchokera ku Yerusalemu kupita kwa Ayuda amene Nebukadinezara anawatengera ku Babulo mu 597 Yesu asanabadwe, pamodzi ndi mfumu Yekoniya. Pa mutu 28 mneneri Hananiya anali atalonjeza kuti m'zaka ziwiri zonse zitha. Yeremiya akuti ayi, mangani nyumba, limani minda, kwatirani, pemphererani mzinda umene wakugwirani ukapolowo, pakuti zaka zake ndi 70. Zili pa vesi 5 mpaka 10. Ndiye ambiri amene anamva kalatayo anafera komweko, obwerera anali ana ndi zidzukulu. Ndipo "inu" ameneyo m'Chiheberi ndi wa anthu ambiri, si wa ulemu kwa munthu mmodzi. Musasinthe vesi. Werengani ndi achinyamatawo kuyambira 1 mpaka 14. Kwa munthu amene wadikira ntchito zaka zitatu, ine ndikuona kuti mutu wonsewo ukulankhula naye kuposa vesi yapakhomayo.

Mlonda wa pa Linga:
ZAKA 70?? NDIKUKANA M'DZINA LA YESU! Achimwene ntchito yanu ikubwera MWEZI UNO, lembani Amen!

Kadzidzi Wamasana:
A Hananiya, mwadzuka bwanji?

Mlonda wa pa Linga:
Iwe ndakuona kuyambira kale. Musakhudze odzozedwa anga.

Chemwali Esnala:
Mayo ine, yabweranso.

Wofunsa (dzina labisidwa):
Zikomo nonse. Koma ndikawerenga kuyambira vesi 1, mlamu uja sadzaona ngati wapambana? Amabwera ku phunziroli, amakhala kutsogolo. Komanso wina andithandize mawu abwino oitanitsira Baibulo langa lija osakhumudwitsa mayi akunyumba.