Thandizeni abale, ndikusaka filimu ya mayi Joyce Mhango Chavula

Muli bwanji nonse pagulu pano? Ine ndapanikizika ndithu. Ndimaphunzitsa atsikana sewero kuno ku Chibavi mu Mzuzu, ndiye ndinawalonjeza kuti Loweruka lino tionera limodzi filimu yotchedwa Lilongwe ya mayi Joyce Mhango Chavula, ija inawina mphoto ya AMVCA (mpikisano wa mafilimu a mu Africa) ku Nigeria mu 2016. Ndikufuna anawa aone ndi maso awo kuti mzimayi wa Chimalawi akhoza kusewera, kutsogolera filimu yake mpaka kukawina kunja, chifukwa ambiri makolo awo amawauza kuti zisudzo n'zotaya nthawi ndipo zimandiwawa kwambiri.

Ndazungulira anyamata oika mafilimu mu msika waukulu ndi ku Zigwagwa, onse ali ndi za ku Nigeria ndi zomasulira basi. Pa YouTube ndasaka mpaka bandulo kutha, sindinaipeze yonse. Ndinafunsanso pa Facebook koma palibe wandiyankha.

Tili ndi TV yolowetsa fulashi ndi DVD. Alipo ali nayo kuno ku Mzuzu kapena akudziwa kogula yovomerezeka? Ndalama ndilipira. Komanso amene akudziwa bwino mmene mayiwa anayambira zisudzo andifotokozereko chonde, ndikawauze ana.