Chingerezi cha agogo a kuno ku UK chikundizunguza mutu, thandizeni

mlendo_ku_Leeds:
Abale muli bwanji nonse. Ndangoyamba kumene ntchito yosamalira okalamba ku Leeds kuno, Chingerezi ndinakhoza bwinobwino pa MSCE, IELTS nayonso ndinakhoza koma zomwe amayankhula agogowa sindikutolapo kanthu. Dzulo agogo ena aakazi amangoti "I need to spend a penny" uku akugwedezeka pampando, ine kalikiliki kusaka kachikwama kawo ka ndalama, mpaka mnzanga anabwera kudzawatengera ku toilet. Zandikhudza kwambiri, munthu wamkulu kuvutika chonchija ine ndili pompo. Mawu ena otere ndi ati ndiwadziwiretu?

make_awiri:
Pepani asisi, tonse tinadutsa momwemo. Mawuwo anachokera ku zimbudzi zakale za m'tauni, chitseko chake chinkatseguka ukaponya penny imodzi, ndiye akuluakulu amaona kuti ndi ulemu kunena choncho, ngati mmene kwathu timanenera kuti ndikufuna ndikadzithandize. Muchenjerenso ndi "tea". Kumpoto kwa England konko akati tea nthawi zambiri akunena chakudya chamadzulo cha m'ma 5 koloko, pomwe "dinner" ndi nkhomaliro. Mukangowapatsa kapu ya tiyi basi agona ndi njala.

achimwene_E6:
Kuno ku East London kulinso china chake, Cockney rhyming slang, inayamba kalekale m'ma 1800. Amatenga mawu omveka mofanana kumapeto, "apples and pears" ndi stairs, "dog and bone" ndi phone. Chovuta nchoti amadula mbali yachiwiriyo, munthu angoti "have a butcher's" kutanthauza taonani, chifukwa butcher's hook ikumveka ngati look. Achinyamata saiyankhula kwenikweni koma madala ake ikadali pakamwa.

nachisale77:
Ine ndiwonjezere za ndalama. "Quid" ndi paundi, fiver ndi £5, tenner £10, izi mumva paliponse. Koma agogo makamaka omwe ayamba kuiwalaiwala amatchulabe "bob", ndiye shilling imeneyo, 20 zinkapanga paundi imodzi mpaka 1971 pomwe anasintha kawerengedwe ka ndalama, chaka chomwecho kwathu kunabwera kwacha. Ndiye akati ten bob ndi 50p ya lero. Ndipo musachite manyazi kuwafunsa asisi, ambiri amakondwa kukufotokozera, ena mpaka nkhani za ali ana zimatulukira pomwepo.

mlendo_ku_Leeds:
Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonse m'kabuku kanga. Nanga "I feel a bit poorly" ndiye kuti sakumva bwino mthupi eti? Agogo ena aamuna ananena m'mawa muno, ndinauza nesi pompopompo.