Kodi chisoni chingadwalitse thupi chonchi?

Abale anga, ndithandizeni maganizo. Mayi anga anamwalira mu February, ndipo chibwerere kumaliro thupi langa silili bwino. Tulo sitibwera, ndimadzidzimuka cha m'ma 2 koloko usiku mtima ukugunda ngati ndathamanga. Mutu umawawa cha kunkhongo kuno, nsima ndimangodya mbamu ziwiri basi. Kuchipatala anandiyeza malungo osawapeza, shuga ali bwino, koma BP anaipeza 150/95, zomwe sizinandichitikirepo. Adokotala anati nkhawa ndi chisoni zimatha kukweza BP, anandiuza ndichepetse mchere ndikabwerenso pakatha milungu iwiri.

Chomwe chikundipweteka kwambiri ndi ana. Ndikumawakalipira pa tinthu tating'ono. Dzulo wamng'ono wazaka 5 anataya madzi pakhonde, ndinamukuwira mpaka anakabisala kuseri kwa chitseko. Kenako ndinakalira ndekha kubafa. Bambo awo amangoti "limba mtima, ndi njira ya tonse," koma mawuwo sakundifika pamtima.

Alipo amene anadutsamo m'zoterezi? Munatani kuti mkwiyo usamathere pa ana? Kodi aphungu othandiza maganizo amapezeka m'zipatala za boma, kapena ndiyambe kukakhuthula kwa amayi a mvano kutchalitchi?