Sonkhasonkha wa chaka chino: mjigo kapena mkungudza?

Wapampando (Kabwata): Abale a ku Mulanje ndi Phalombe, mwaswera bwanji kuno ku Lusaka? Ndalama zasonkhedwa. Ena akuti tikonze mjigo wakumudzi, ena akuti tithandize amayi a nazale ya mkungudza. Lankhulani.

Mayi a ku Chawama: A Wapampando, mtengo tidzamwa? Chichokereni namondwe wa Freddy mu 2023, achemwali anga akutungabe kumtsinje. Mjigo basi.

Mnyamata wa ku Kalingalinga: Amayi, pepani, ndilowererepo. Mu 2017 akatswiri atayenda phiri lonse la Mulanje adapeza mitengo ikuluikulu ya mkungudza 7 yokha, ndipo posakhalitsa nayonso idachekedwa. Ndi mtengo wa fuko la Malawi, ndipo mwachilengedwe umamera pa Mulanje pokha. Koma dzana msuweni wanga wonyamula katundu wa alendo wanditumizira chithunzi cha timitengo tomera tokha kuphompho kwina. Ndiponye pano?

Agogo a ku Matero: Usayerekeze, mdzukulu wanga! Pagulu pano tilipo ambiri, ndipo wina mlamu wake ali ndi sowo. Ine ndidachekako ndili mnyamata, sindibisa. Tinkatsika ku Chambe, m'phiri la Mulanje, thabwa lili pamutu, pansi pali nkhata ya udzu, mawondo akunjenjemera. Chitseko chomwe ndidakhomera malemu amayi chilipobe, chiswe chimangochilambalala, ndipo ukachipala ndi mpeni fungo limabuka ngati chachekedwa dzulo. Chomwe chidaumaliza mtengowu n'chimenecho.

Mayi a ku Chawama: Ndiye agogo mudadya ndinu, tilipire ndife?

Agogo a ku Matero: Mwanena zoona, mwana wanga. Koma mbande si vuto. A bungwe loteteza phirili la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu akumidzi adabzala zambirimbiri. Chimazipha ndi moto wa osaka nyama m'chilimwe, kamtengo kasanafike n'komwe m'chiuno. Ngati tipereka, tipereke kwa olambula njira zotchinga moto. Za nazale zisiyeni.

Msungichuma (Mtendere): Zonse ziwiri sizikwana, abale, makamaka tikasintha kwacha ya kuno. Komanso chaka chatha tidatumiza za simenti, malisiti mpaka lero sindinawaone.

Wapampando (Kabwata): Chabwino. Mayi a ku Chawama, funsani mtengo wa zipangizo za mjigo. Iwe wa ku Kalingalinga, funsa kuti olambula amalandira zingati patsiku, ndipo chithunzicho chikhale m'foni mwako. Tikumane Loweruka ku Kamwala, 14 koloko.

Mayi a ku Chawama: Ndibwera, koma voti yanga mwaidziwa kale.