Wi-Fi ya pa desktop yanga ikumangosowa yokha, thandizeni

Akuluakulu odziwa makompyuta, ndithandizeni ndisanachiponye panja chinthuchi.

Ndili ndi kashopu kotayipa ndi kuprinta ku Zomba. Kompyuta ndi desktop yakale ya Windows 10 yopanda Wi-Fi yakeyake, ndiye ndinagula ka adapter ka USB kakang'ono ngati chikhadabo kaja, ka 150 Mbps, kogwira 2.4 GHz yokha. Intaneti ndimatenga pa MiFi imene ndimaika pawindo.

Nthawi zambiri m'mawa kamagwira bwinobwino. Koma ndikangoisiya kompyuta pang'ono, kaya ndapita kukagula mandasi, pobwera ndimapeza netiweki yonse yasowa. Si bandulo ayi, foni pa MiFi yomweyo imakhala ikuyenda. Mu Device Manager, momwe Windows imaonetsa zipangizo zonse, ka adapter nthawi zina kamasoweratu, nthawi zina kamaoneka ndi kachizindikiro kachikasu, Code 43. Ndikakazula n'kukabwezera kamadzuka. Vuto n'loti kali kuseri kwa CPU, pansi pa tebulo. Ndiye taganizani munthu wamkulu ngati ine ndikukwawa m'fumbi kasitomala ataima akudikira CV yake.

Ndayesa Network reset, ndachotsa driver n'kuikanso, ndachotsanso kachongi ka pa Power Management kololeza kompyuta kuzimitsa ka adapter posunga magetsi. Zinakhala bwino sabata imodzi basi. Chodabwitsa, ndikapanga Restart kamabwerera, koma ndikapanga Shut down madzulo, m'mawa mwake nthawi zina kulibe.

Kodi kafa ndi ka adapter kapena ndi kompyuta? Sindikufuna kugula kena n'kudzapezanso zomwezi.

Ndemanga: Achimwene, za Restart ndi Shut down zo ndi Fast Startup. Ikakhala yoyatsa, Shut down sizimitsa zonse, imasunga madriver mmene analili n'kudzawadzutsa m'mawa ndi matenda awo omwe. Lowani mu Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do, muichotse. Mu advanced settings momwemo zimitsaninso USB selective suspend. Kachongi kaja mwachotsa pa adapter pokha? Kamakhalanso pa USB Root Hub iliyonse.

Ndemanga: Bwana, kuseriko mwalumikizako hard drive ya kunja? Zipangizo za USB 3.0, za m'mapoti a buluu aja, zimatulutsa phokoso losokoneza 2.4 GHz. Komanso chitsulo cha CPU chimatchinga. Gulani kachingwe kotalikitsira USB, mukalowetse m'poti yakuda, ka adapter kabwere pamwamba pa tebulo.

Mwini funso: Eee, ilipo! Yosungiramo zithunzi za maukwati, poti yake yagundizana ndi ka adapter. Za Root Hub zo sindimazidziwa n'komwe.

Ndemanga: Phokoso la USB 3.0 lingachedwetse kapena kudula intaneti, koma silingasowetse chipangizo mu Device Manager. Ine ndikukayikira kutentha kapena poti yogwedera. Kakadzasowanso mukakhudze ndi chala. Ngati kakuotcha, kakayeseni pa laputopu ya mnzanu tsiku lathunthu, mudziwa wolakwa.

Ndemanga: Mukuvutikiranji amwene? MiFi zambiri ukazilumikiza ndi chingwe cha USB zimapereka intaneti popanda Wi-Fi, kwinaku zikutchaja. Komanso Windows 10 a Microsoft anasiya kuisamala pa 14 Okutobala 2025, muyambe kuganizira zimenezo.

Mwini funso: Zikomo nonse. Fast Startup ndazimitsa, hard drive ndasamutsira kutsogolo. MiFi pa chingwe yagwiradi, koma ikachoka pawindo netiweki ikutsala kabala kamodzi. Alipo akudziwa shopu yogulitsa chingwe cha USB chachitali, cha mamita 3, muno mu Zomba?